Jakisoni wa nyamakazi ya msana, kodi amabweretsa khansa?

Mayi wina waku Luchenza wandilembera imelo, akuti bambo akunyumba ali ndi nyamakazi ya msana ija madokotala amati ankylosing spondylitis, mmawa amadzuka msana uli gwa mpaka ayendeyende kaye. Ku Johannesburg anawalembera jakisoni wa adalimumab, wawathandiza ndithu, koma mayiwa awerenga kapepala kamubokosi apezamo mawu oti lymphoma, womwe ndi mtundu wina wa khansa, nde akufunsa ngati bambo angosiya.

Mayi, mantha anuwo ndiomveka. Chenjezolo lilipodi, bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ku America linalamula mu 2009 kuti lilembedwe pa mankhwala otseka TNF monga adalimumab, etanercept ndi infliximab, makamaka kamba ka zomwe zinaoneka mwa ana ndi achinyamata. TNF ndi kanthu kamthupi komwe kamayambitsa kutupa koma kamathandizanso chitetezo, nde anthu ankaopa kuti ukakatseka khansa ipeza mpata. Koma ofufuza aku Sweden ndi Denmark atatsatira odwala nyamakazi ya msana ndi zina zofanana nayo opitirira 8,000 omwe amabaya mankhwalawa, zomwe anatulutsa mu 2017 nzoti khansa sinachuluke kuposa mwa anzawo osabaya. Chomwe chimafunika kuyang'anitsitsa ndi khungu, kabala kosapola kapena kadontho kosintha mtundu mukaonetse nsanga. Ngati bambo anadwalapo khansa kale imeneyo ndi nkhani ina, adokotala aidziwe.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kwathu kuno ndi TB. Ambiri tikuyenda nako kachilombo ka TB kali phee m'mapapo, ndipo TNF yemweyo ndamene amathandiza kukatsekera, mankhwalawa akhoza kukadzutsa. Nde ndikufunseni, asanayambe kubaya anawayeza TB? Nanga hepatitis B ndi HIV? Ngati simukudziwa, tengani mapepala onse aku Joni aja mupite nawo ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Queens ku Blantyre akaone. Akayamba kutsokomola mpaka masabata awiri, thukuta usiku, kuonda, musadikire tsiku la jakisoni wina, thamangani.

Kusiya pawokha ayi chonde, kutupa kukabwerera mafupa amsana amatha kumamatirana pang'onopang'ono ndipo akamatirana sabwerera mwakale. Ngati amasuta fodya asiye, ameneyo ndiye amabweretsadi khansa komanso amakulitsa nyamakaziyi. Jakisoniyo azikhala mu filiji osati mufiliza, magetsi akazima nthawi yaitali funsani a famase ngati akadali bwino musanabaye.