Khola ndi limodzi, bwanji mazira akusiyana mtundu?

Mayi wina wa ku Lunzu wandilembera pa imelo. Akuti ali ndi matadzi asanu ndi atatu, ena a Mikolongwe, ena achikuda, koma akapita kukatola mazira amapeza ena ofiirira, ena otuwa, ena oyera mbee. Chimene chawadetsa nkhawa kwambiri n'chakuti thadzi limodzi, lomwe kale linkaikira mazira ofiirira bwino, masiku ano likuikira otumbululuka. Anansi awo akuti ndi tambala wa khomo lina amene wasokoneza, ndipo ogula ena akukana mazira oyerawo ati alibe thanzi. Akufunsa kuti, kodi nkhuku zikudwala?

Zikomo mayi polemba. M'kalata yanu muli nkhani ziwiri. Ina si yoti ikusowetseni tulo, koma inayo muyiyang'anire ndithu.

Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike m'mimba mwa thadzi, ndipo maola pafupifupi 20 mwa amenewa limakhala pamalo pomwe chigoba chimaumbidwa. Chigoba chilichonse chimayamba chili choyera. Utoto wofiirira umapakidwa kunja kokha, makamaka m'maola omalizira dzira lisanatuluke. Tswanyani dzira la nkhuku ya Mikolongwe muyang'ane m'kati mwa chigoba, mupeza muli moyera. Kapena tengani dzira longoikiridwa kumene mulipukute mwamphamvu ndi kansalu konyowa, muona utotowo ukuyamba kusuluka.

Kuchuluka kwa utoto umenewu n'kobadwa nako. Nkhuku za White Leghorn sizipaka n'komwe, choncho mazira ake ndi oyera. Za Black Australorp, zomwe ife timangoti za Mikolongwe, zimaikira ofiirira pang'ono. Za Marans za ku France zimaikira oderako kwambiri, ndipo za Araucana zochokera ku Chile zimaikira obiriwira ngati thambo, utoto wake wolowerera mpaka m'kati mwa chigoba. Nkhuku zathu zachikuda magazi ake ndi osakanikirana kuyambira kalekale, ndiye musadabwe thadzi lililonse likubwera ndi mtundu wakewake.

Tambala uja musamunamizire. Tambala akakwera thadzi sasintha mtundu wa chigoba cha dzira limene thadzilo likuikira. Mphamvu yake idzaonekera pa misoti imene adzabereke, ikadzayamba kuikira.

Ogula anu nawo muwauze mosapsatira kuti thanzi la dzira silili pa chigoba. Lili pa zimene nkhuku yadya. Nkhuku yojompha chisoso, bonongwe, ziwala ndi chimanga chachikasu imaikira dzira lachikasu kwambiri m'kati, kaya kunja n'koyera kaya n'kofiirira. Zimandipweteka kuona mlimi akutsitsa mtengo wa mazira abwinobwino chifukwa cha mphekesera ngati imeneyi. Swanirani wogulayo awiri m'mbale aone yekha.

Tsopano za thadzi lomwe lasintha lija, apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Kusiyana pakati pa nkhuku ndi nkhuku si kanthu, koma nkhuku imodzimodziyo ikasintha, pali chimene chachitika.

Nthawi zambiri umakhala ukalamba chabe. Thadzi likamakula limaikira mazira akuluakulu, pomwe utoto sukuwonjezereka, ndiye umapyapyala. Ngati kusinthako kwabwera pang'onopang'ono kwa miyezi, nkhuku ikudya bwino, lipombo lili psuu, musavutike mtima.

Zikasintha mwadzidzidzi, ganizirani za mantha ndi kutentha. Galu kapena likongwe akazungulira khola usiku, kapena ana akamathamangitsa nkhuku, thadzi limatha kutulutsa dzira lisanapakidwe mokwanira, mwinanso kulisunga mopitirira nthawi mpaka kutuluka ndi zoyera ngati choko pamwamba. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ku Lunzu kwanuko dzuwa likaswa mtengo, nkhuku zimapuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, zimadya pang'ono, ndipo zigoba zimatuwa ndi kupyapyala. Madzi ozizira osatha ndi mthunzi zimathandiza kwambiri. Muyang'anenso pansi pa mapiko ndi m'ming'alu ya khola, chifukwa utitiri ukachuluka umayamwa magazi nkhuku n'kufooka.

Funso limodzi lomwe ndikanakufunsani tikanakhala pamodzi ndi ili: mukuzipatsa chakudya chanji? Madeya okha sakwanira nkhuku yoikira. Chigoba chimodzi chimatenga magalamu pafupifupi 2 a kashiamu, mchere womwe umalimbitsa chigoba ndi mafupa, ndipo m'madeya kashiamu ndi wochepa zedi. Wotchani zigoba za mazira, musinje bwinobwino kuti nkhuku zisazolowere kujompha mazira, muziike m'kambale pambali. Komanso musapatse matadzi oikira chakudya cha nkhuku zanyama. China mwa icho chimakhala ndi mankhwala otchedwa nicarbazin, omwe amayeretsa mazira ofiirira m'masiku ochepa.

Choopsa kwenikweni ndi matenda. Mukaona matadzi angapo atumbululutsa mazira nthawi imodzi, zigoba zili zofewa kapena zamakwinya, choyera cha dzira chili chamadzimadzi, mazira achepa, nkhuku zikutsokomola kapena kutsegula m'mimba zobiriwira, musadikire mawa. Chitopa chimayamba choncho nthawi zina, ndiponso pali nthenda ina ya m'chifuwa yomwe imawononga njira ya mazira. Patulani zodwalazo, musagulitse kapena kugula nkhuku sabata imeneyo, ndipo itanani alangizi a ziweto a m'dera lanu. Ngati simunatemere, katemera wa chitopa wa I-2 ndi wa dontho limodzi m'diso, wobwereza pakatha miyezi inayi iliyonse, ndipo ngoyenera nkhuku zomwe zili bwino, osati zodwala kale.

Malinga ndi mmene mwalembera, thadzi ndi limodzi lokha ndipo simunatchule chifuwa, choncho ine ndikuganizira ukalamba kapena kutentha. Kwa masabata awiri, muzilemba tsiku ndi pensulo pa dzira lililonse la thadzi limenelo, muwayale motsatana pa thireyi pamalo owala. Akapitirira kutuwa kapena chigoba chikayamba kufewa, mundilemberenso, ndipo mundiuze zaka za nkhukuyo ndi chakudya chomwe mukuipatsa.