Pemiti yanga ikutha ku Manitoba: kodi chigawo chingandisankhe kuti ndipeze PR?

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mwati munachoka ku Malawi n'kukayamba ntchito pafakitale yokonza zakudya ku Manitoba, chigawo cha ku Canada, mwagwirapo miyezi 8, pemiti yanu ndi ya bwana mmodzi ndipo yatsala ndi miyezi 5. Mukufuna kudziwa ngati mungalowe mu PNP, ndondomeko imene zigawo zimasankhira anthu oti apeze PR (chilolezo chokhazikika m'dzikolo), komanso ngati mulipire munthu amene akuti "akukonzerani zonse".

Ku Canada chigawo sichipereka PR. Chimangokusankhani n'kuuza boma la ku Ottawa kuti munthu uyu tikumufuna. Chigamulo chomaliza ndi cha IRCC, nthambi ya boma yoona za olowa m'dziko, imene imaunika thanzi lanu, mbiri ya milandu ndi za chitetezo. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndiye zimene mnzanu wa ku Alberta akukuuzani pa WhatsApp musaziyese za ku Manitoba.

Kwanuko khomo lake ndi njira ya PNP yotchedwa Skilled Worker in Manitoba. Lamulo lakhala lakuti mukhale mutagwira ntchito yatsiku lonse kwa miyezi 6 yotsatizana pakampani imodzi, muli ndi pemiti yovomerezeka, ndipo kampaniyo ikulembereni kalata yakuti ikusungani kwa nthawi yaitali. Miyezi mwakwanitsa. Kalatayo ndi imene muyenera kukapempha sabata ino. Ionetse udindo wanu weniweni, chifukwa ntchito iliyonse ili ndi nambala yake mu NOC, m'ndandanda wa boma wa mitundu ya ntchito, ndi gulu lake malinga ndi luso lofunika, kuyambira TEER 0 mpaka 5. Ntchito zambiri zapafakitale zili mu TEER 4 kapena 5. Ngati yanu ili mmenemo siiwerengedwa ku Express Entry, njira yachangu ya boma la Canada yopemphera PR, kumene wosankhidwa ndi chigawo amawonjezeredwa mapointi 600. Mudzadutsa njira ya chigawo yokha, imene imatenga nthawi yaitali koma imafika.

Chingerezi chimapunthwitsa Amalawi ambiri, osati chifukwa sachidziwa, koma chifukwa amaganiza kuti MSCE ndi umboni wokwanira. Ayi ndithu. Pamafunika mayeso monga IELTS General Training kapena CELPIP General, ndipo pa TEER 4 ndi 5 musatsike CLB 4 (CLB ndi muyeso wa Chingerezi wa ku Canada) pa kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Mukakhoza bwino mapointi anu amakwera, ndipo izi n'zofunika chifukwa mumayamba mwalembetsa EOI, fomu yoonetsa kuti mukufuna kusankhidwa, chigawo n'kumaitana anthu m'magulumagulu. Kukwanitsa zofunika sikutanthauza kuti muitanidwa. Ottawa inadula malo a PNP a chaka cha 2025 kuchoka pa 110,000 kufika pa 55,000, ndipo zigawo zinayamba kusankha mosamala ntchito zimene zikusowa anthu. Werengani tsamba lenilenilo la MPNP (PNP ya ku Manitoba) tsiku limene mukulembetsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pemiti yanu. EOI siikupatsani ufulu wokhala m'dziko, ngakhale kusankhidwa kumene sikutalikitsa pemiti. Mukapempha yatsopano yakaleyo isanathe, lamulo limakulolani kupitiriza ntchito yomweyo kwa bwana yemweyo mukudikira yankho. Mukalola kuti ithe, muli ndi masiku 90 opempha kubwezeretsedwa, ndipo nthawi yonseyo simuloledwa kugwira ntchito. Ndikudziwa kuti kumudzi akudikira ndalama, koma kaganyu kamadzulo kwa bwana wina n'kuphwanya pemiti, ndipo kangagwetse fayilo yonse. Khalani pansi ndi abwana anu tsopano, muwafunse ngati apemphanso LMIA, chikalata cha boma chololeza bwana kulemba ntchito munthu wakunja. Chigawo chikakusankhani nthawi isanathe, chingakupatseni kalata yokuthandizani kupeza pemiti popanda LMIA.

Za munthu uja: musamupatse ngakhale dola imodzi musanaone dzina lake m'kaundula wa College of Immigration and Citizenship Consultants (bungwe lovomereza alangizi a za kulowa m'dziko) kapena wa bungwe la maloya la chigawo. Kugulitsa malo a ntchito n'koletsedwa, ndipo ndalama ya LMIA amalipira ndi bwana, saloledwa kuidula pamalipiro anu. Munthu uja akalemba bodza pafomu, mlandu ndi wanu. Gawo 40 la lamulo la Immigration and Refugee Protection Act limatsekera munthu kunja zaka 5. Ndipo ngati bwana akukuzunzani kapena walanda pasipoti yanu, pali pemiti yapadera ya ogwira ntchito ozunzidwa yokulolani kuchoka n'kukagwira kwina.

Pafomu ya PR mulembe mkazi wanu ndi ana anu onse, ngakhale wobadwa kwa mayi wina amene ali kwa agogo ake ndipo sabwera nanu. Mwana wosatchulidwa lamulo lingakuletseni kudzamuitanitsa m'tsogolo. Yambaninso kufunafuna kalata za apolisi za dziko lililonse limene munakhalamo miyezi 6 yotsatizana chikwanitsireni zaka 18. Ngati munakhalapo ku Joni, ya South Africa ifunikanso.

IRCC ikakukanani muli m'Canada, muli ndi masiku 15 okha opempha khoti la Federal Court kuti iunikenso. Chikakukanani chigawo, njira yake ndi ina, ndipo muonane ndi loya wa ku Manitoba mwamsanga mutanyamula pemiti, mapepala a malipiro ndi kalata yokukananiyo.