Malo anayi, mtsogoleri wa Sande sukulu mmodzi: muyambire pati?

Mayi wina wa ku Chinamwali mumzinda wa Zomba watilembera pa imelo, ndipo kalata yawo mwachidule ikuti: "Mpingo wathu likulu lake lili kuno ku Chinamwali, nthambi zili ku Thondwe, ku Jali ndi ku Songani. Akuluakulu andisankha kuti ndiziyang'anira Sande sukulu m'malo onse anayi. Kulikulu aphunzitsi alipo okwanira, koma kunthambi kuli mmodzi kapena awiri. Lamulungu lililonse ndimakwera minibasi kukaphunzitsa kunthambi ina. Ndikakhalapo ana amadzaza, ndikachoka zimazilala. Ndatopa, ndipo ya transipoti ikutuluka m'thumba mwanga. Ndichite bwanji kuti nthambi zonse zifanane ndi kulikulu?"

Amayi, zikomo chifukwa cha mtima umene muli nawo pa anawa. Tiyambe tawerengera limodzi. Pachaka pali masabata 52. Mukawagawa panayi, malo aliwonse akuonani ka 13 kokha, mukapanda kudwala ndi kupita kumaliro. Masabata 39 otsalawo ana ali m'manja mwa munthu wina, ndipo Sande sukulu yeniyeni ya ku Jali ndi imene imachitika masabata 39 amenewo. Mukafika inu ndi nyimbo zatsopano ndi zithunzi, ana amasangalala, koma mphunzitsi wa pamalopo amangoima kumbuyo manja ali m'khosi, ndipo ana amaphunzira kuti mphunzitsi weniweni ndi wochokera kutauni. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji anayi. Udindo umene mwapatsidwawu ndi wosamalira aphunzitsi. Kalasi ya ana isiyeni m'manja mwawo.

Ntchito yoyamba ndi kupeza mtsogoleri mmodzi panthambi iliyonse. Musamusankhe nokha muli ku Chinamwali. Khalani pansi ndi m'busa kapena mkulu wa mpingo wa panthambipo, mutchule mayina awiri kapena atatu, mupemphere, kenaka mukamupemphe munthuyo muli awiri. Chofunika kwambiri ndi kumene amakhala: akhale woyenda pansi kufika kutchalitchi, wodziwika kwa makolo, woti adzakhalapobe chaka chamawa. Zomba ndi mzinda wa anthu odutsa. Ophunzira a ku University of Malawi ndi a ku Domasi College of Education amaphunzitsa bwino ndipo ana amawakonda, koma sukulu ikatsekera amapita kwawo. Mabanja a asilikali a ku Cobbe Barracks ndi apolisi amasamutsidwa nthawi iliyonse. Anthu otere alandireni ndi manja awiri ngati othandizira, koma kaundula ndi kiyi wa bokosi zikhale kwa mayi kapena bambo wokhazikika pamudzipo, ngakhale sukulu yake inathera Folomu 2.

Mugwirizanenso poyera kuti mtsogoleriyo amamvera ndani. Apa ndi pamene mipingo yambiri imakhumudwitsirana. Inu mwanena kuti ana aziyamba 8 koloko, m'busa wa panthambi wanena kuti ana azikhala m'mapemphero a akulu mpaka nthawi ya ulaliki, mphunzitsi ali pakati sakudziwa womumvera. Lembani papepala limodzi, komiti ya mpingo ivomereze: za phunziro, maphunziro a aphunzitsi ndi chitetezo cha ana zili kwa inu, za nthawi, malo ndi chilango cha mpingo zili kwa m'busa wa panthambi.

Tsono funso lanu loti nthambi zifanane ndi kulikulu. Ife tikuti zifanane pa zinthu zitatu zokha: phunziro, malamulo oteteza ana, ndi kaundula. Zina zonse zisiyeni. Ngati ana a ku Songani amamva msanga nkhani ikamasuliridwa m'Chiyao, mphunzitsi amasulire. Ngati ku Jali amayimba ndi ng'oma pomwe kulikulu kuli kiyibodi, ng'omayo ilire.

Phunziro likhale pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, m'Chichewa chosavuta. Papepalapo pakhale ndime ya m'Baibulo, mfundo imodzi yokha yoti mwana apite nayo kunyumba, vesi loloweza, mafunso anayi kapena asanu, ndi chochita chimodzi chosalira kugula kanthu. Pamene pamalakwika ndi pachochitapo. Wolemba ali kulikulu amalemba kuti ana apente chingalawa cha Nowa ndi makrayoni, kuiwala kuti kunthambi ana 40 akhala pamphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mango, opanda pepala ndi limodzi lomwe. Mphunzitsi akaona zosatheka kawiri katatu, pepala lonselo amalisiya n'kuyamba kulalikira za m'mutu. Lembani zoti ana aumbe ndi dongo, ajambule pansi ndi kamtengo, achite sewero, awerenge ndi timiyala. Zimene zatheka pansi pa mango zithekanso m'holo ya kulikulu, choncho polemba muziganiza za nthambi yosaukitsitsa.

Konzani maphunziro 13 nthawi imodzi, a miyezi itatu, ndipo afike kunthambi kutatsala masabata awiri kuti ayambe. Mphunzitsi aliyense alandire ake, omangidwa ndi sitepulala, muwaike m'jumbo chifukwa cha mvula ndi chiswe. WhatsApp ndi yothandizira chabe: Lachitatu tumizani uthenga wa mawu wa mphindi zitatu wofotokoza mfundo ya sabatalo. Koma wina foni yake ndi ya mabatani, wina bandulo yamuthera, wina magetsi azima masiku awiri, ndiye pepala ndilo mwini ntchito. Sankhaninso Baibulo limodzi la mavesi oloweza. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 mawu ake amasiyana, ndipo tsiku limene ana a nthambi zonse adzalakatule limodzi, kusiyanako kudzawasokoneza. Gwiritsani limene limawerengedwa paguwa mumpingo mwanu, ndipo vesilo mulilembe lonse papepala.

Ola limodzi mungaligawe chonchi: mphindi 10 nyimbo ndi pemphero, 5 kuitana mayina, 15 nkhani, 10 vesi, 15 mafunso ndi chochita, 5 chopereka ndi kutseka. Nkhani ikapitirira mphindi 15, ang'onoang'ono amayamba kutsinana. Kumene aphunzitsi alipo, gawani ana patatu: zaka 3 mpaka 5, zaka 6 mpaka 9, zaka 10 mpaka 13. Kunthambi ya aphunzitsi awiri, nyimbo ndi nkhani achitire pamodzi, agawane pofika pa vesi ndi mafunso, magulu awiriwo akhale poonana. Ndipo yang'anani kumbuyo kwa gululo: mupeza mtsikana wa zaka 9 wabereka mng'ono wake, akumugwedeza uku akuyesa kumva nkhani, mwana akalira amachoka naye osabweranso. Pemphani amayi a mumpingo kuti azisinthana awiriawiri kusunga makanda pamkeka wapadera. Atsikana a msinkhu umenewu ambiri amaphonya phunziro chifukwa cha zimenezi.

Chachiwiri ndi chitetezo, ndipo apa sipofunika kumvera chisoni nthambi yoti ili ndi anthu ochepa. Munthu wamkulu asakhale yekha ndi ana pobisika, kaya m'kalasi, kuchimbudzi kapena kunyumba kwake. Akulu akhale awiri nthawi zonse, ndipo asakhale mwamuna ndi mkazi wake okha. Ngati mphunzitsi wabwera mmodzi, mkulu wa mpingo atumize wina kudzakhala naye, apo ayi ana alowe m'mapemphero a akulu tsikulo. Munthu wachilendo asapatsidwe kalasi asanathe miyezi isanu ndi umodzi mumpingo, ndipo m'busa afunse kumpingo kumene wachokera. Kunthambi kumasowa anthu, ndiye wina akangoti "ndimakonda ana" onse amaomba m'manja. Anthu oipa amadziwa kuti khomo lotseguka ndi limeneli. Mphunzitsi asamapatse mwana mmodzi mphatso mobisa, asamamuimbire foni makolo osadziwa, asamakwapule. Ana osakwana zaka 6 atengedwe ndi kholo kapena mkulu wawo wodziwika. Ku Thondwe ndi ku Songani msewu wa M3 wadutsa pamsika penipeni, ndiye ngati tchalitchi lili pafupi ndi msewu, pakhale wamkulu wowolotsa ana. Nyengo ya mvula, ana owoloka mitsinje aziweruka msanga kumwamba kukada.

Mwana akaulula kuti wachitidwa nkhanza, mphunzitsi amumvetsere modekha, asamukalipire, asamupanikize ndi mafunso, asamulonjeze kuti asunga chinsinsi. Alembe mawu a mwanayo monga wawanenera, ndi tsiku lake, n'kukudziwitsani inu ndi m'busa tsiku lomwelo. Nkhani yotere si yokambirana kuvesitere kuti mabanja akhululukirane. Dziko lathu lili ndi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18. Kanenani ku Victim Support Unit ya polisi kapena kuofesi yosamalira anthu ya boma, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana imene bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba limayendetsa. Ngati mwana wagwiriridwa, kuchipatala ndi tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Malamulowa alembedwe patsamba limodzi, mphunzitsi aliyense asainire, ndipo awerengedwe pamaso pa mpingo wonse kamodzi pachaka kuti makolo nawonso awadziwe.

Chachitatu ndi kaundula. Gulani buku la hadikava limodzi panthambi iliyonse: dzina la mwana, chaka chobadwa, mudzi, dzina la womulera ndi nambala ya foni ngati ilipo. Lamulungu madzulo mtsogoleri akutumizireni uthenga wa manambala asanu: anyamata, atsikana, aphunzitsi amene anabwera, nambala ya phunziro, chopereka. Mukaona nambala ya phunziro yaima pamodzi masabata awiri, kapena aphunzitsi akhala mmodzi kawiri motsatizana, imbani foni Lolemba. Mwana akajomba katatu, aphunzitsi awiri akamuyendere. Manambala muziwawerenga ndi nyengo yake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ana amachepa chifukwa cha mvula, malungo ndi njala, ndipo patchuthi cha mu Ogasiti ena amakhala kuzinamwali. Musathamangire kudzudzula mphunzitsi. Kaundulayo akuthandizaninso kudziwa ana amene makolo awo si a mumpingo, ena mwa iwo ochokera m'mabanja a Chisilamu, amene angotsatira anzawo. Kawaoneni makolowo mwaulemu, adziwe kumene mwana wawo amapita ndipo avomereze.

Za ndalama, amayi, lekani kulipira nokha mwakachetechete. Mukatero komiti imaganiza kuti utumiki wa ana sulira ndalama, ndipo wodzalowa m'malo mwanu adzapeza bajeti yopanda kanthu. Lembani zonse za miyezi itatu: fotokope, transipoti yanu, transipoti ya aphunzitsi, choko, sopo. Kaperekeni kwa msungichuma musanayambe kugwiritsa ntchito. Chopereka cha ana chiwerengedwe ndi anthu awiri, chilembedwe m'buku, ndipo potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba mulembenso imene yadulidwa. Nthambi iliyonse ikhale ndi bokosi lokhoma lokhala ndi Baibulo, kaundula, choko, kabolodi, mpira, sopo ndi kapu, pambali pake ndowa ya madzi ya mpopi. Alendo akabweretsa mabuku a zithunzi, yambani kugawa kunthambi yakutali. Aphunzitsi a kunthambi amaona msanga ngati iwo amangolandira zotsala za kulikulu, ndipo akaona choncho amafooka osanena.

Aphunzitsi onse azikumana kamodzi pa miyezi itatu, Loweruka, kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko, tsiku lomwe mukugawa mapepala atsopano. Malo azisinthana, a ku Chinamwali nawonso alawe fumbi la ku Jali. Inu musalankhule kupitirira theka la ola. Nthawi yotsalayo aliyense aime aphunzitse anzake kwa mphindi 10 ngati ndi ana, anzakewo amuuze chimene amva. Transipoti abwezeredwe tsiku lomwelo asanabalalike, pakuti wobwereka ya kabaza akapanda kubwezeredwa ulendo wina sabwera. Msonkhano wa ana a nthambi zonse ukwanira umodzi pachaka, nyengo yopanda mvula, makolo atavomereza, ndipo ana asapakiridwe m'lole yotseguka.

Maulendo anu apitirire, koma asinthe. Fikani ana asanafike, khalani pamphasa kumbuyo, musatenge choko ngakhale mphunzitsi atakupatsani mwaulemu. Ana akaweruka, khalani naye mphindi 15: muuzeni ziwiri zimene wachita bwino, mozitchula, monga mmene anagwadira pofunsa kamwana kamanyazi kaja, ndi chimodzi chokha choti akonze. Onani kaundula, tsegulani bokosi, lonjerani m'busa. Pa masabata asanu aliwonse, limodzi mukhale m'mapemphero a akulu monga mkhristu wamba, mumve ulaliki ndi kudya mgonero. Mwezi uno yambani ndi nthambi imene ili ndi mphunzitsi mmodzi: imbirani m'busa wake sabata lino, mupangane tsiku lokambirana mayina.