Kalata yoletsa kumanga: masiku a khoti anayamba kale kuwerengedwa

Mayi a ku Chitakale, mwalemba kuti munagula poloti kwa banja lina, amfumu n'kukulemberani kalata yaumboni, ndipo nyumba itafika pa mawindo kunabwera antchito a khonsolo amene analemba mtanda wofiira pakhoma. Anakusiyiraninso kalata yoletsa kumanga, yonena kuti mulibe pulani yovomerezeka ndiponso kuti chipinda chimodzi chili pamene padzadutse paipi yaikulu ya madzi. Papita miyezi iwiri, ndipo mukufunsa ngati nkhaniyi ingafike ku khoti.

Ingafike, koma nthawi yatsala pang'ono kukutherani, ndipo apa ndi pamene ndaona milandu yabwinobwino ikugwa woweruza asanamve n'komwe kuti wolakwa ndani. Munthu akafuna kuti bwalo lalikulu la milandu liunikenso chiganizo chimene ofesi ya boma yapanga, malamulo a kayendetsedwe ka milandu m'bwaloli a chaka cha 2017 amati apereke pempho lake mwamsanga, ndipo pasadutse miyezi itatu kuchokera tsiku limene chiganizocho chinapangidwa. Tsiku limenelo kwa inu ndi deti lolembedwa pa kalata ija. Kuwerenga masiku sikuima chifukwa choti munakadandaula kwa khansala, kapena chifukwa choti amfumu analonjeza kukalankhula ndi bwanamkubwa, ndipo sikuima ngakhale mlembi wa ku ofesi atakuuzani kasanu kuti mubwerenso Lachiwiri chifukwa abwana ali ku msonkhano. Mawu apakamwa oterewa sasiya chizindikiro chilichonse m'faelo, moti tsiku lina loya wa khonsolo adzangoimirira n'kuuza woweruza kuti munachedwa, inu n'kusowa pepala loti muonetse.

N'zoona kuti khoti lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, koma limatero likakhutira ndi chifukwa chimene mwapereka, ndipo kunena kuti ndinkadikira yankho la akuluakulu nthawi zambiri sikukwanira. Ine sindingalangize munthu kuika chiyembekezo chake pamenepo.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi chakuti khoti lomwelo limafunsanso ngati munayamba mwayesa njira ya apilo imene lamulo linaika. Lamulo loona za mapulani a malo ndi kamangidwe, la Physical Planning Act la 2016, limapereka mwayi wochita apilo kwa munthu amene sanakhutire ndi chiganizo cha komiti ya mapulani, ndipo apiloyo ili ndi nthawi yakeyake yomwe ndi yaifupi. Choncho pali mawotchi awiri amene akuyenda nthawi imodzi. Kucheza ndi khansala si apilo. Apilo ndi yolemba, yopita kumene lamulo linanena, ndipo kope lanu limadindidwa chidindo chosonyeza tsiku limene alandira. Ngati nthawi ya apiloyo inadutsa kale, loya wanu adzafunika kufotokozera khoti chifukwa chake, ndipo zidzamuthandiza ngati kalata ya khonsolo sinakuuzeni kumene mungakadandaule.

Zimandikhumudwitsa kuti maofesi ena amapereka kalata ya mizere itatu, yopanda mapu ndi miyeso, kwa munthu amene wathira ndalama zake zonse mu njerwa ndi simenti. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu woti chiganizo chokukhudzani chipangidwe motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti mupatsidwe zifukwa zake molemba. Ngati sanakupatseni mpata wofotokoza mbali yanu, kapena ngati njira ya paipiyo sionekera pa pulani iliyonse yovomerezeka ya deralo, muli ndi poyambira.

Komabe musayembekezere zambiri kuposa zimene khoti lingapereke. Pa mlandu wamtunduwu woweruza amayang'ana ngati khonsolo inatsata ndondomeko, osati ngati paipi ikanakhala bwino kudutsa kwina, ndipo ngakhale mutapambana, akhoza kungolamula kuti chiganizocho achipangenso moyenera, mwina n'kutulukanso chimodzimodzi. Mbali yanu ilinso ndi pofooka. Kalata ya amfumu ndi umboni wa mmene munapezera malowo, koma si chilolezo chomangira nyumba m'dera limene lili pansi pa mapulani a khonsolo. Pulani imafunika pa zifukwa zenizeni: kusiya mpata wa msewu, wa ngalande ndi wa mapaipi, makamaka kuno kumene madzi otsika m'phiri amabwera ndi mphamvu nyengo ya dzinja, komanso kumene minda ya tiyi yachititsa kuti mapoloti akhale othinana. Lamulo la Waterworks Act la 1995, limene linakhazikitsa mabungwe a madzi monga Southern Region Water Board, limawalola kudutsitsa mapaipi m'malo a anthu. Malamulo aakulu amati boma likatenga katundu wa munthu pa ntchito yothandiza anthu onse liyenera kumudziwitsa mokwanira ndi kumupatsa chipukuta misozi choyenera, koma n'kutheka kuti akuluakulu adzakana kulipira khoma lomangidwa popanda chilolezo, n'kungokambirana za malo okhawo.

Za malangizo a alamu anu, oti musonkhanitse amisiri mufolere usiku chifukwa nyumba yofolera saigwetsa, chonde musawamvere. Palibe lamulo lonena zimenezo. Kupitiriza kumanga mutalandira kalata yoletsa ndi mlandu pawokha, ndipo woweruza amene mukufuna kuti akupatseni chiletso choteteza nyumbayo sangakuoneni bwino akamva kuti inuyo munayamba kunyozera lamulo. Alamuwo sadzakhala nawo m'khoti, ndipo malata adzakhala atagulidwa ndi ndalama zanu.

Sabata ino lembani kalata yopita kwa bwanamkubwa, ina kwa mkulu woona za mapulani, yopempha zifukwa zonse za chiganizocho ndi mapu osonyeza njira ya paipi ndi m'lifupi mwake. Tchulani gawo 43 lija komanso lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo musachoke pa ofesi kope lanu lisanadindidwe. Funsaninso bungwe la madzi molemba, chifukwa nthawi zina paipi imakhoza kusunthidwa pang'ono kapena pulani ya nyumba kusinthidwa, chipinda chimodzicho n'kuchotsedwa popanda kugwetsa zonse. Jambulani nyumbayo mmene ilili lero pamodzi ndi mtanda wofiira uja, ndipo sungani malisiti a simenti, kalata yogulira malo ndi mayina a mboni zimene zinalipo. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo otere kwaulere, koma kudandaula kumeneko sikuimitsa miyezi itatu ija. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula kalata yoletsa kumangayo, ndipo chinthu choyamba kuwaonetsa chikhale deti lake, kuti awerenge masiku amene atsala musanayambe kufotokoza zina zonse.