RX-8 ya giredi R: musatumize ndalama musanaone pepala la okushoni

Achimwene, mwafunsa ngati mugule Mazda RX-8 ya 2006 imene mwaiona pa intaneti, yoyenda makilomita 68,000 okha, giredi R, mtengo wotsika. Ine ndikuti dikirani kaye, chifukwa R ameneyo ndi amene watsitsa mtengo.

Galimoto zambiri zochoka ku Japan zimadutsa m'maokushoni ngati USS, ndipo woyendera amalemba pepala la galimoto iliyonse. Giredi 4 kapena 4.5 ndi galimoto yabwino, 3.5 ndi yotopako, koma R kapena RA ndiye kuti inachitapo ngozi imene inakhudza mafupa a galimoto n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto chimene chili papepalapo, A ndi kukalika, U ndi kuphwanyika kolowa m'kati, W ndi pamene anawongola n'kupenta, XX ndi chitsulo chimene anachotsa n'kuikapo china, S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri limene ladya kale chitsulo. XX pa chitseko chimodzi si nkhani. Koma XX pa boneti ndi mbali zonse ziwiri zakutsogolo, galimotoyo inagunda ndi mphuno, ndipo ikhoza kumadya matayala mbali imodzi moyo wake wonse. Wogulitsa akakana kukutumizirani pepalali pamodzi ndi nambala ya chasesi, musiyeni.

Za makilomita, musakhulupirire dashibodi. Ku Japan galimoto imayesedwa ndi boma, amati shaken, ikakwanitsa zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo makilomita a nthawi yoyesayo amalembedwa pa export certificate, pepala la boma lotulutsira galimoto m'dziko la Japan. Ngati pepalalo likuti inali kale pa 110,000, nanga 68,000 yachokera kuti?

Tsono injini. RX-8 ilibe mapisitoni, ndi rotary, yokhala ndi chitsulo cha makona atatu chozungulira m'kati chotchedwa rotor, ndipo imafa mwakachetechete. Timazitsulo ta m'makona a rotor, ma apex seal, tikatha, compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'injini, imatsika. Galimoto yotere imalira bwinobwino m'mawa ikazizira, koma ikatentha mukaizimitsa pa filling station, imangozungulira osalira. Choncho kavidiyo ka wogulitsa koliza injini yozizira sikakuuzani kanthu. Pemphani kuti aiyendetse itenthe, aizimitse, ailizenso akujambula osadula. Ngati angathe, ayeze compression ndi makina ake a rotary, chifukwa geji wamba ya kwa makaniko sipereka chithunzi chonse. Dziwaninso kuti injini imeneyi imawotcha oyilo mwadala, anaipanga choncho, moti mwini wake akakhala waulesi kuwonjezera, injini imapita msanga. Za kuyambira 2008 anazikonzako kathiridwe ka oyilo, ndipo ndikanakhala ine ndikanafuna zimenezo.

Chimene chinandipweteka ine ndi kunsi. Ndinaitanitsa Subaru Impreza WRX yonyezimira pazithunzi, ndinakaitenga ndekha ku Dar es Salaam n'kulowa nayo pa Songwe. Titaikweza pa dzenje ku Lilongwe, makaniko anabaya chitsulo chogwira matayala akumbuyo ndi sikuludiraiva, dzimbiri n'kugwa ngati makoko a mtedza. Inachokera ku Niigata, kumene kumagwa chipale chofewa ndipo amathira mchere m'misewu. Chimodzimodzi Hokkaido ndi Aomori. Pemphani zithunzi za kunsi, ndipo muonenso pansi pa kapeti: mabowo a mabawuti kumbuyo kwa mipando ndi chizindikiro chakuti munali zitsulo za mpikisano, galimotoyo inkathamangitsidwa pa bwalo.

Muganizirenso mahampu ndi maenje athu, RX-8 ndi yotsika kwambiri. Ndipo musanalipire, kawerengetseni msonkho ku MRA, komanso funsani makaniko wanu ngati anatsegulapo rotary. Akayamba kukanda mutu, onani Toyota 86 kapena Altezza RS200.

Ikani pepala la okushonilo pansipa, ndikuwerengerani lero lomwe.