Anapambana katatu, nanga bwanji dzina lake lili kumunsi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amameta anthu ku Johannesburg. Inali yaitali, ndiye ndangotengamo mutu wake:

"Kometera kwathu TV imakhala yoyaka tsiku lonse. Mu Julaye 2024 tinagwa m'chikondi ndi Tour de France chifukwa cha mnyamata wa ku Eritrea uja, Biniam Girmay. Tinamuona ndi maso athuwa akupambana katatu. Koma mpikisano utatha, dzina lake tinakalipeza kumunsi kwenikweni kwa mndandanda. Mnzanga wina mpaka lero amati anamubera chifukwa ndi wakuda. Ine ndimati sanamubere, anangolephera, ndipo jezi yobiriwira ija anangomupatsa yomupepesera. Akunena zoona ndani?"

Achimwene, musandikwiyire, koma nonse awiri mwaponyera kumbali. Mnzanuyo waphonya pa nkhani ya kuba, inu mwaphonya pa nkhani ya jezi. Ndipo mukandifunsa ine, amene mwamulakwira kwambiri Girmay ndi inuyo.

Tour de France ndi mpikisano wa njinga, koma si wa tsiku limodzi. Uli ndi ndime 21, ndime imodzi pa tsiku, kuphatikizapo masiku awiri opuma. Wa 2024 unayambira ku Florence m'dziko la Italy pa 29 Juni n'kukathera ku Nice pa 21 Julaye. Nthawi zonse umathera ku Paris, koma chaka chimenecho mzindawo unali kalikiliki kukonzekera masewero a Olympics. Ananyamuka anthu 176, matimu 22 a anthu 8, kukapalasa mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500. Tsiku lililonse limakhala ndi wopambana wake, amene wayamba kudutsa pamzere. Koma mndandanda munauona uja suwerenga kuti wapambana kangati. Umawerenga nthawi. Amatenga maola, mphindi ndi masekondi amene munthu wapalasa tsiku loyamba, n'kuphatikiza ndi za tsiku lachiwiri, mpaka masiku onse 21. Amene nthawi yake yachepetsetsa ndiye mwini jezi yachikasu, ndiye wapambana Tour.

Tsopano tiyeni tibwerere pa 1 Julaye, tsiku limene ndikukhulupirira kuti makina ometera anayamba aima kaye kwanuko. Ndime yachitatu, makilomita 230 kuchokera ku Piacenza kukafika ku Turin, msewu wathyathyathya. Mamita omalizira Girmay anadzipanikiza m'mbali mwa mpanda wa anthu oonerera, anapeza kampata, n'kutulukira patsogolo. Anakhala munthu wakuda wa mu Africa woyamba kupambana ndime ya Tour, mpikisano umene unayamba kalekale mu 1903. Koma mukadayang'ana kumbuyo kwake mukadaona chigulu cha njinga chikukhuthukira pamzere ngati ng'ombe zolowa m'khola. Lamulo limati onse ofika m'gulu limodzi amalembedwa nthawi yofanana, kaya uli kutsogolo kaya kumchira. Ngakhale amene wachedwa chifukwa cha ngozi ya m'makilomita omalizira a ndime ngati imeneyi, amamulembera nthawi ya gulu limene anali nalo. Tadej Pogačar, amene anadzapambana Tour yonse ya chaka chimenecho, tsiku limenelo sanalimbane ndi munthu, anangofika phee m'kati mwa anzake, ndipo nthawi yake inali yofanana ndi ya Girmay. Chimene wopambana amapindula ndi basera wa masekondi 10 amene amamuchotsera, wachiwiri 6, wachitatu 4. Basi.

Werengani nokha. Turin, Colombey-les-Deux-Églises, Villeneuve-sur-Lot: katatu, masekondi 30.

Kenaka pamabwera mapiri. Pa ndime ya 15, yothera pamwamba pa Plateau de Beille m'mapiri a Pyrenees, Pogačar anasiya Jonas Vingegaard ndi mphindi imodzi ndi masekondi 8, ndipo Vingegaard ndi munthu amene anali atapambana Tour zaka ziwiri zotsatizana. Otsalira kumchira anatulukira patadutsa mphindi pafupifupi 50, mwini kupambana atasamba kale kumaso. Masiku oterewa mu Tour salipo limodzi kapena awiri. Mukawaphatikiza, timasekondi 30 tija timamira, ndipo katswiri wa liwiro amapezeka ali kumbuyo ndi maola.

Chifukwa chake n'chakuti opalasa njingawa si a mtundu umodzi. Pamalo athyathyathya mdani ndi mphepo. Aliyense amene anapalasapo moyang'anana ndi mwera akudziwa, ndipo wakabaza aliyense angakuuzeni kuti kubisala kumbuyo kwa mnzako kumapepukitsa mwendo. Katswiri wa liwiro amakhala wojintcha, wa ntchafu zake, ndipo tsiku lonse anzake a timu amamutchingira mphepo, kumutengera mabotolo a madzi, kumukokera kutsogolo, kuti iye adzaphulike pa mamita 200 omalizira okha. Pachikweza mdani amasintha, amakhala thupi lako lomwe. Kilo iliyonse uyenera kuikweza nayo phiri, n'chifukwa chake akatswiri a mapiri amakhala owonda ngati adwala. Wojintcha uja akafika apa amadziwa kuti si kwawo. Salimbana n'komwe. Amasonkhana ndi anzake otere kumbuyo n'kupanga kagulu kamene a ku Italy amati gruppetto, a ku France amati autobus, basi yeniyeni yonyamula otopa. Nkhawa yawo imakhala imodzi, kufika nthawi yololedwa isanathe, chifukwa tsiku lililonse pali malire amene amawerengera kuchokera pa nthawi ya wopambana. Ukapitirira malirewo, mawa sunyamuka nawo. Ndiye mphindi zambiri zimene Girmay anataya anazitaya akudziwa, posunga miyendo kuti ikagwire ntchito tsiku lake.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhale nanu pansi inuyo, achimwene, pa zoti jezi yobiriwira ndi yopepesera.

Jezi imeneyi inayamba mu 1953 ndipo ndi mpikisano pawokha, wa mapointsi. Pa ndime yathyathyathya woyamba amatenga 50, wachiwiri 30, wachitatu 20, kumatsika choncho. Pa ndime ya mapiri woyamba amangotenga 20. Palinso mzere wina umene amaujambula pakati pa ulendo, pamene woyamba kudutsa amatola 20. Pali matimu athunthu amene amabwera ku Tour osalota n'komwe za jezi yachikasu, maso ali pa yobiriwirayi. Zili ngati mu ligi ya mpira: pali timu yotenga chikho, palinso wogoletsa zigoli zambiri, ndipo palibe amene amati nsapato yagolide ndi chipepeso.

Komanso Girmay sanaitole panjira. Amalimbana ndi Jasper Philipsen wa ku Belgium, amene anaitenga mu 2023, ndipo naye mu 2024 anapambana ndime zitatu. Ku Nîmes, pa ndime ya 16, kutatsala pang'ono kuti afike, Girmay anagwa. Anadzuka chigongono chili chosupuka, anzake awiri a timu ya Intermarché-Wanty akumuperekeza pang'onopang'ono mpaka pamzere, pamene Philipsen anali atakokolola kale mapointsi 50. Mpata waukulu umene unalipo pakati pawo unatsala 32 basi. Kutsogolo kunali mapiri a Alps, kuphatikizapo msewu wa Cime de la Bonette umene umakwera mamita 2,802, kungotsala mamita 200 kuti ufanane ndi nsonga ya Sapitwa. Jezi samakupatsa ngati sunamalize mpikisano wonse. Anakwera ndi mabala akewo, nafika ku Nice ndi mapointsi 387, Philipsen 354. Palibe wa mu Africa amene anatengapo jezi imeneyi iye asanatero. Inu n'kumati chipepeso?

Kuti muone kuti kumaliza si nkhani yamasewera, mu 2017 Marcel Kittel wa ku Germany anapambana ndime zisanu, jezi yobiriwira ili pamsana. Pa ndime ya 17 anagwa n'kusiyira panjira, ndipo jeziyo inapita kwa Michael Matthews. Chaka chomwecho Chris Froome, uja anabadwira ku Nairobi n'kuphunzira sukulu konko ku Johannesburg, anapambana Tour yonse osapambana ndime ngakhale imodzi. Anangoonetsetsa kuti tsiku lililonse ali pafupi ndi adani ake, n'kumawadya masekondi pa ndime zimene aliyense amapalasa yekha molimbana ndi wotchi. Ku Paris anafika ali patsogolo pa Rigoberto Urán ndi masekondi 54. Wina zisanu n'kubwerera chimanjamanja, wina ziro n'kutenga zonse. Masamu ake ndi amenewo.

Mnzanuyo komabe musamuseke kwambiri. Mkwiyo wake uli ndi pochokera, wangouika pamalo polakwika. Funso loyenera ndi lakuti, zinatheka bwanji kuti padutse zaka zoposa 120 munthu wakuda wa mu Africa asanapambane ndime? A ku South Africa anali atayamba kale: Robbie Hunter anapambana ndime mu 2007, Daryl Impey anavala jezi yachikasu mu 2013, koma onsewa ndi azungu. Mipikisano ikuluikulu ili ku Ulaya, matimu ali ku Ulaya, njinga yake mtengo wake ngati galimoto, ndipo mnyamata wa ku Asmara kapena Kigali ayenera kuyamba wavutika ndi viza asanaonetse n'komwe mwendo wake. Girmay mwiniyo anachita kudzera ku sukulu ya UCI, bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse, ku Aigle, m'dziko la Switzerland. Dziko la Eritrea linatengera njinga kwa atsamunda a ku Italy ndipo anthu ake amaikonda ngati mmene ife timakondera mpira, koma mpaka 2015 m'pamene Daniel Teklehaimanot, akupalasira timu ya MTN-Qhubeka, anavala kwa masiku angapo jezi ya madontho ofiira ya katswiri wa mapiri. Tsankho nalo lilipo, sindingabise: mu 2017 timu ya Sky inaimitsa wopalasa wake wina kwa masabata 6 chifukwa chonyoza Kévin Reza, wopalasa wakuda wa ku France. Zonsezi n'zoona. Koma wotchi ya pamzere siona khungu. Njinga iliyonse imakhala ndi kachipangizo kolemba nthawi, pamzere pali kamera, ndipo zotsatira za tsiku lililonse zimaikidwa poyera kuti aliyense aphatikize yekha.

Mukafuna mkangano wokoma wa Tour ya 2024, umene okonda njinga sanaumalize, ndi uwu. Pogačar anapambana ndime 6, anasiya Vingegaard ndi mphindi 6 ndi masekondi 17, Remco Evenepoel ndi mphindi 9 ndi masekondi 18, ndipo Pogačar yemweyo anali atangochoka kopambana Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa njinga wa ku Italy. Kupambana mipikisano iwiriyi chaka chimodzi anakuchita komaliza ndi Marco Pantani mu 1998. Koma Vingegaard mu Epulo anali m'chipatala ku Spain, nthiti ndi fupa la paphewa zitathyoka, phapo litabooka. Akadakhala bwinobwino zikadatha bwanji? Ine ndimati mpata ukadachepa koma wopambana akadakhala yemweyo. Ena amandikanira kwamtuwagalu, ndipo pamenepo ndiye mungametane mpaka madzulo.

Za kuba zija, mnzanuyo mukamuuze atsikenso ndi chala pa mndandanda womwe uja, apitirire dzina la Girmay mpaka kumapeto kwenikweni. Pa anthu 141 amene anamaliza, wa nambala 141 ndi Mark Cavendish, mzungu wa ku Isle of Man, kumbuyo ndi maola oposa 6. Ameneyo mu Tour yomweyo, ku Saint-Vulbas, anapambana ndime yake ya nambala 35 chiyambire kupalasa Tour, n'kuposa katswiri wakale Eddy Merckx amene anali ndi 34. Mumufunse kuti nanga uyu anamubera ndani.