Chometera cha agogo chija musafulumire kuchiika pambali

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba, ndipo ndiifupikitsa. Akuti agogo awo aamuna, amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni kalekale, anatisiya chaka chatha. Pogawana katundu, iwo anapeza chometera ndevu chachitsulo m'chitini cha mabisiketi, chili pamodzi ndi mabatani ndi ziphaso zakale. Kunsi kwa mutu wake kunalembedwa Gillette komanso Made in England. Ukapotokola kumchira kwa chigwiriro, pamwamba pamatseguka tizitseko tiwiri. M'makona muli zobiriwira. Funso lawo nali: "Kodi ndingametere chimenechi, kapena ndisunge ndalama ndigule chatsopano ngati Merkur yomwe ndikuiona pa intaneti? Ndatopa ndi ziphuphu zomwe zimandituluka pakhosi ndikameta ndi zapulasitiki zija."

Zikomo achimwene, ndipo pepani ndi imfa ya agogo. Yankho langa ndi lakuti chitsukeni, muchiyang'ane bwino, mumetere chomwecho kwa mwezi wathunthu musanatulutse kobiri. Ndifotokoza chifukwa chake.

Chometera cha mtundu uwu ntchito yake ndi imodzi yokha: kugwira lezala molimba, kulipinda pang'ono, ndi kulola kuti kachigawo kochepa ka kunsonga kwake kokha ndiko kakhudze khungu. Lomwe limadula ndevu ndi lezala, lomwe lija tinkanolera pensulo kupulayimale, lakuthwa mbali zonse ziwiri. Maganizo amenewa ndi a King C. Gillette wa ku America, amene anapatsidwa chiphaso cha umwini wa luso lake mu 1904. Chaka choyamba kugulitsa, mu 1903, kampani yake inagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 basi. Chinaitchukitsa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene boma la America linagulira asilikali ake zometera zoposa 3 miliyoni, anyamatawo n'kubwerera kwawo atazolowera kudzimeta okha. Kabowo kataliko kamene mumakaona pakati pa lezala, kokhala ndi timano timano, kanakhazikika cha m'ma 1930 ndipo sikanasinthe. N'chifukwa chake lezala limene mungagule lero pa okala likalowa bwinobwino m'chometera cha agogo, ngati kuti anazipangira tsiku limodzi.

Mmene mwachifotokozeramu, chanucho chikuoneka kuti ndi cha m'banja la Rocket, lomwe Gillette ankapanga ku England m'ma 1950. Mbale wake wa ku America ndi Super Speed, amene anatuluka mu 1947. Kampaniyi inali ndi fakitale yaikulu ku Isleworth, kumadzulo kwa London, ndipo katundu wa kumeneko ndi amene ankafika m'mayiko olamulidwa ndi Angelezi. Za ku America zopangidwa kuyambira 1951 zimakhala ndi chilembo ndi nambala kunsi kwa mutu: chilembo chimanena chaka, nambala imanena gawo la chaka. Mwachitsanzo, E ndi 1959, F ndi 1960. Mukapanda kuzipeza pa chanucho musadandaule, sizikutanthauza kuti n'chachinyengo.

Tsono nkhani yagona pa chitsulo. Zometera zambiri za Gillette za nthawi imeneyo anazipanga ndi mkuwa wachikasu, n'kuzikuta ndi nickel kuti ziwale. Zobiriwira mukuzionazo ndi mkuwa umene wakumana ndi chinyontho ndi sopo wouma pamalo amene chokutira chija chinakalika. Mkuwa suchita dzimbiri lodya mkati ngati khasu losiyidwa pamvula. Umangosintha maonekedwe. Ukagwa pansi umapindika, ndipo munthu wamanja abwino amatha kuuwongola.

Zatsopano zambiri za mtengo wapakati, monga Merkur 34C ya ku Solingen ku Germany, Edwin Jagger DE89 ya ku Sheffield ndi Mühle R89, mitu yake ndi ya zamak, chitsulo chosakaniza zinc ndi aluminiyamu ndi zina pang'ono, chokutidwa ndi chrome. N'zometera zabwino ndithu, ndipo anthu ambiri anaphunzirira pa zimenezi. Koma zamak ndi chitsulo chosalimba kwenikweni. Chokutira chikangoboola, madzi amalowa n'kuyamba kuchidya mkati, ndipo m'malo mopindika chimathyoka. Ine ndinaziona ndi maso angawa. Chometera changa choyamba chinali chatsopano, cha mutu wa zamak, chokongola kwabasi. Tsiku lina m'mawa chinandipulumuka m'manja chifukwa cha thovu n'kugwera pasimenti ya m'bafa. Nditachitola, kasikuluwu kamene kamalumikiza mutu ndi chigwiriro kanali katathyokera m'kati, ndipo pothyokapo panali potuwa, pa mbuumbuu ngati mwala woswedwa. Palibe wowotcherera amene akanachilumikiza. Chinandipweteka mtima chifukwa ndinali nditachisungira ndalama miyezi ingapo.

Sikuti zonse zatsopano zili choncho ayi. Pali zina zopangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, monga Feather AS-D2 ya ku Japan ndi Rockwell 6S, komanso Henson ya ku Canada yosemedwa ndi makina kuchokera ku aluminiyamu. Izi n'zolimba, ndipo lezala limakhala pamalo pake ndendende tsiku lililonse. Apa ndi pamene zatsopano zimaposadi zakale: palibe amene anazigwetsapo, palibe chopindika, ndipo ukagula ziwiri zimameta mofanana. Chakale chimabwera ndi mbiri yake yonse, ndi kugwa kulikonse kumene chinagwapo. Vuto la zolimbazi ndi mtengo, makamaka mukaphatikiza wa kutumiza ndi msonkho. Kwa munthu amene ali kale ndi chometera cha mkuwa m'manja, sindikuona chifukwa choyambira kumeneko.

Ndiye chitani izi. Chiviikeni m'madzi otentha a sopo wotsukira mbale kwa theka la ola, tizitseko titatsegula. Tengani mswachi wakale mukwechese m'makona monse, kunsi kwa tizitseko ndi m'mizere ya pachigwiriro. Mudzadabwa ndi litsiro lotuwa limene lidzatuluke, sopo wa zaka makumi angapo. Bwerezani mpaka madzi atayera. Zobiriwira zikakana, pakani mankhwala otsukira mano pang'ono mukwechesenso. Musagwiritse ntchito mchenga, phulusa kapena waya wokwechesera mapoto, chifukwa mudzachotsa chokutira chotsalacho. Mukatha chimizeni mu sipiriti kwa mphindi zingapo, n'kuchiumitsa. Lezala lakale likakhala kuti linatsaliramo, litayeni m'chimbudzi chokumba kapena mulikulunge bwino kuti ana asalitole. Lezala sabwerekana, ngakhale ndi m'bale wa bere limodzi, chifukwa matenda oyenda m'magazi monga HIV ndi a chiwindi sasankha ubale.

Chikauma, ikanimo lezala latsopano ndi kutseka. Mukamapotokola, tizitseko tiwiri tija tizitsika limodzi ndi kukumana pakati popanda kena kukwera pa kanzake. Potokolani mpaka kumapeto kwenikweni kuti lezala limangike. Ambiri amalekera panjira ndiye lezala limagwedera, n'kumati chometera n'choipa. Kenaka pitani pakhomo pamene pali kuwala, muchinyamule molunjika ndi diso, muyang'ane kuchokera kumapeto kwa mutu. Mpata wa pakati pa nsonga ya lezala ndi kachitsulo kotchinjiriza khungu uzikhala wofanana kuchokera ngodya ina kufika ina, ndiponso mbali zonse ziwiri. Mukaona kuti mbali ina yayasama kuposa inzake, ndiye kuti chinagwapo, ndipo mbali yoyasamayo idzakutemani. Zikakhala choncho ndilembereninso tione ngati n'chotheka kuwongola. Zikakhala zofanana, muli ndi chuma m'manja.

Tibwere ku ziphuphu, chifukwa ndikuona kuti ndi zimene zakuwawani kwambiri. Ndevu zathu ambiri ife n'zopotana. Tsitsi lotere likadulidwa pafupi kwambiri, nsonga yake imakhala yakuthwa ndipo pomera limakhota n'kubaya khungu, kapena limakulira mkati osatuluka n'komwe. Thupi limaliona ngati munga, ndiye pamatupa, pamayabwa, pena kuchita mafinya, n'kusiya madontho akuda. Zometera zokhala ndi malezala angapo pamutu umodzi, zimene zinayamba ndi Trac II mu 1971 n'kudzafika atatu pa Mach3 mu 1998 ndi asanu pa Fusion mu 2006, zinapangidwa kuti lezala loyamba likoke tsitsi pang'ono, lotsatira lidule, tsitsilo n'kubwerera kunsi kwa khungu. Kwa munthu wa ndevu zowongoka zimenezi zimapatsa chibwano chosalala. Kwa ife ndi pomwe pamayambira mavuto. Lezala limodzi limadula tsitsi pamtunda, pomwe khungu lathera, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri a ndevu zopotana amapeza mpumulo akasintha.

Apa chakale ndi chatsopano n'chimodzimodzi, chifukwa zonse ndi za lezala limodzi. Chofunika n'chakuti chikhale chofatsa, chosatulutsa lezala kwambiri. Ndipo apanso agogo anakusankhirani bwino, pakuti Super Speed ndi Rocket anazipangira munthu wamba wometa tsiku ndi tsiku asanapite ku ntchito, kotero n'zosalusa. Gillette Tech, imene inatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndipo imamasuka m'zidutswa zitatu, ndi yofatsa koposa. Mukadzaipeza pa kaunjika kapena kwa achibale musaisiye. Pali zina zolusa, monga Mühle R41 ya mano ngati chipeso, zomwe sindingalangize munthu woyamba kumene, makamaka wa khosi la ziphuphu.

Mudzamvanso anthu akutamanda chometera china cha Gillette, Fatboy ya 1958, imene inkagulidwa $1.95, ndi mng'ono wake Slim wa 1961. Izi zili ndi kamkombero ka manambala 1 mpaka 9 kokulitsira kapena kuchepetsera mpata wa lezala. N'zokoma kuzigwira, sindikana, koma mitengo yake yakwera chifukwa cha osonkhanitsa zinthu zakale, ndipo ambiri amene ali nazo amangoika pa nambala imodzi n'kuiwala.

Dzanja ndi limene lidzakuvuteni masiku oyamba. Zapulasitiki zija zinatiphunzitsa kudinikiza, ndipo chizolowezi chimenecho muchisiye pakhomo. Metani mutangosamba, ndevu zili zofewa ndi madzi ofunda. Pakani thovu lokwanira, lonyowa bwino, osati louma ngati ufa. Gunditsani pamwamba pa mutu wa chometera patsaya, chigwiriro chitaloza kumbali, kenaka tsitsani chigwirirocho pang'onopang'ono mpaka mutamva kaphokoso kakuti kerere kerere. Pamenepo ndiye pakapendekedwe koyenera. Kokani pang'onopang'ono, mtunda waufupi ngati utali wa chala chimodzi, kulemera kwa chitsulocho ndiko kuzigwira ntchito. Musanayambe n'komwe, lekani ndevu masiku awiri kapena atatu, muzisisite ndi chala kuti mudziwe kumene zimagonera. Pamasaya zambiri zimaloza pansi, koma pakhosi zimayenda mwa zokha: zina cham'mbali, zina chokwera, ndipo pena zimazungulira. Tsatirani kumene zagonerako, kamodzi kokha, osakoka khungu ndi dzanja linalo, osabwerezabwereza pamalo pamene thovu latha. Chibwano sichidzasalala ngati cha khanda, ndipo musachifunefune, chifukwa kusalala kumeneko ndi kumene kwakhala kukukutupitsani. Ngati pakhosi pali potupa kale, dikirani papole musanadutsitsepo lezala, ndipo mafinya akapitirira kaonaneni ndi achipatala.

Malezala nawo amasiyana kuposa mmene anthu amaganizira. Akale enieni anali a chitsulo chochita dzimbiri msanga, moti agogo athu ankawapukuta ndi kuwaumitsa akangotha kumeta. Zinasintha mu 1962 pamene Wilkinson Sword ya ku England inatulutsa lezala losachita dzimbiri lokutidwa kunsonga kuti liziterera. Kotero chometera cha agogo chokhala ndi lezala la lero chimameta bwino kuposa mmene chinkawametera eni ake chili chatsopano. Yambani ndi amene akupezeka kufupi, monga Nacet wa chithunzi cha ng'ona uja. Mukapeza Astra kapena Derby ya ku Turkey yesaninso, koma mtundu umodzi kwa sabata ziwiri, kuti mudziwe chimene chasintha. Feather ya ku Japan ndi yakuthwa kwambiri, muisungire mtsogolo dzanja likakhazikika. Lezala likayamba kukoka ndevu m'malo modula, litayeni, ngakhale mwangometera katatu. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi mitu ya pulasitiki ija, ndiye palibe chifukwa cholikakamira.

Mwezi ukatha, ngati tizitseko tikukana kutseka molingana kapena mukutemeka mbali imodzi yokhayokha, pamenepo gulani chatsopano. Merkur mwaitchulayo, makamaka 34C ija, ndi poyambira pabwino, ndipo ngakhale Gillette yemweyo anabwereranso ku mtundu uwu mu 2020 ndi chometera chotchedwa King C. Gillette. Mukatero muzingosamala kuti chisagwe, osamanga kasikuluwu mwamphamvu, ndi kuchiumitsa mukatha. Cha agogocho muchipake kadontho ka mafuta a makina osokera pa kamtengo kapakati kamene kamakweza tizitseko, muchibwezere m'chitini chake. Koma ndikhulupirira kuti simufika pamenepo. Mundijambulireko kunsi kwa mutu wake ndi kumchira kwa chigwiriro munditumizire, ndikufuna ndione ngati ilidi Rocket.